Ngati nyama ndi magazi sizifika kwa Allah, nanga chiweto chimaferanji?

Mlongo Watsopano:
Assalamu alaikum nonse pa gulu. Mundikhululukire ngati funso langa lili lachibwana, ndalowa kumene Chisilamu. Mwezi wa Dhul Hijjah wayandikira ndipo aliyense akungokamba za nkhosa ndi ng'ombe za Qurbani, nsembe yozinga chiweto pa Eid. Koma mu Qur'an, Surah Al-Hajj, 22:37, ndawerenga kuti nyama yake ndi magazi ake sizifika kwa Allah, chimene chimafika ndi kumuopa kwathu. Tsono ngati zili choncho, chiwetocho chimaferanji? Kodi magaziwo ndi ofafaniza machimo athu, kapena tanthauzo lake ndi lina?

Bambo a Yusufu:
Wa alaikum salaam achemwali. Silachibwana ayi, enafe tinabadwira momwemo koma timangozinga chaka ndi chaka osadzifunsa. Mwachidule, timakumbukira Mneneri Ibrahim. Zambiri tiwasiyire a Mwalimu akalowa.

Mwalimu:
Wa alaikum salaam. Ndiyambe ndi mbali ya machimoyo chifukwa ndi pamene ambiri amasokonekera. M'Chisilamu nkhosa sisenza machimo a munthu. Qur'an ikubwereza m'malo angapo, monga 6:164 ndi 53:38, kuti palibe wosenza mtolo amene adzasenze mtolo wa mnzake. Ngati munthu sangamusenzere mnzake, nkhosa ingathe bwanji? Machimo amachoka ndi kulapa, kusiya choipacho, ndi kubweza za eni ake ngati unalakwira munthu. Amene wadya chuma cha ana amasiye kenako n'kuzinga ng'ombe yonona, mlandu wa ana amasiyewo ukadalipo.

Tsono nkhani ya Ibrahim ili mu Surah As-Saffat, kuyambira 37:100 mpaka 107. Anapempha mwana kwa Allah, anapatsidwa atakalamba kale. Mwanayo atafika msinkhu woyenda ndi bambo ake pa ntchito, Ibrahim analota akumuzinga. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanamubisire. Anamuuza poyera kuti mwana wanga, ndikuona kutulo ndikukuzinga, iwe ukuona bwanji? Mwanayo anati bambo, chitani zimene mwalamulidwa, mundipeza, Allah akafuna, ndili mmodzi wa opirira. Ndime 103 ikuti onse awiri anagonjera, bambo n'kumugoneka mwana mphumi pansi. Pamenepo ndi pamene anaitanidwa kuti Ibrahim, wakwaniritsa malotowo.

Taonani bwino achemwali: anauzidwa kuti wakwaniritsa, mpeni usanadule kanthu. Mayesowo anali a mumtima, ngati pali chinthu chimene Ibrahim angamukanize Allah. Chiweto chinabwera pambuyo monga chiwombolo cha mwana. Ndiye ife tikamazinga tikunena kuti zonse tili nazo, ngakhale zimene timazikondetsetsa, ndi za Allah. Mtumiki Muhammad (SAW, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anauzidwa mu 6:162 kuti anene kuti Swala (pemphero) yanga, nsembe yanga, moyo wanga ndi imfa yanga ndi za Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse.

Mlongo Watsopano:
Zikomo a Mwalimu. Koma kumene ndinachokera tinkaphunzira kuti mwanayo anali Isake. Kuno ndikumva Ismail. Zoona ndi ziti?

Bambo a Yusufu:
Ndi Ismail, palibe zokambirana pamenepo.

Mwalimu:
Pang'onopang'ono bambo a Yusufu, zokambirana zinalipo ndithu. Ndimezo sizitchula dzina la mwanayo. Ma ulama (akatswiri a chipembedzo) ena akale, kuphatikizapo Al-Tabari amene anamwalira m'chaka cha 923, ankati ndi Ishaq (Isake). Ambiri, monga Ibn Kathir, anati ndi Ismail, ndipo ndi zimene Asilamu ochuluka lero amatsatira. Umboni wawo ndi womveka: nkhani ya nsembe ikatha, pa 37:112 ndi pamene pakubwera uthenga wa kubadwa kwa Ishaq, ngati nkhani ina yatsopano. Komanso mu 11:71 mkazi wa Ibrahim anauzidwa za Ishaq ndi kuti pambuyo pa Ishaq kudzabwera mwana wake Yaqub (Yakobo). Mwana amene walonjezedwa kale kuti adzabereka, kumuzinga akadali mnyamata sikukanakhala mayeso enieni. Inenso ndili kwa Ismail. Koma achemwali musataye tulo ndi dzinalo, Qur'an inalisiya n'kusunga zimene bambo ndi mwana anayankhulana.

Wofunsitsa:
Ine ndilowe ndi funso lomwe limandivutitsa chaka chilichonse, ndipo ndikalifunsa anthu amandiyang'ana ngati ndatuluka m'chipembedzo. Ngati chofunika ndi mtima, bwanji osangotenga ndalama yogulira nkhosayo n'kupatsa mayi wamasiye akalipirire ana sukulu kapena akagule mankhwala? Nyama amadya masiku awiri yatha. Kodi Allah sangakondwe kwambiri ndi zimenezo?

Mayi a Zainabu:
Achimwene, sadaka ili ndi khomo lake ndipo ndi lotsegula chaka chonse. Palibe amene wakuletsani kulipirira mwana sukulu mwezi wa mawa. Bwanji maganizo othandiza amasiyewa amabwera pokhapokha nthawi ya nsembe ikakwana?

Wofunsitsa:
Mayi mwandilasa, koma funso langa silinayankhidwe. Ndalama ili m'thumba ndi imodzi, sindingachite zonse ziwiri.

Mwalimu:
Funsolo ndi lakale kwambiri ndipo silitulutsa munthu m'chipembedzo. Ma ulama ambiri anati pa masiku amenewa kuzinga n'kopambana kupereka mtengo wake. Chifukwa chake n'chakuti kuzingako ndi mapemphero paokha. Mu Surah Al-Kawthar, 108:2, zaikidwa pamodzi: pemphera Swala kwa Mbuye wako ndipo zinga nsembe. Munthu sanganene kuti m'malo mwa Swala ya Asr lero ndipereka ndalama kwa osauka. Chinanso, Asilamu onse atati asankhe ndalama, pakapita zaka mwambo wa Ibrahim ungazimiririke.

Koma tisakokomezenso. Mwa magulu anayi a ma ulama a malamulo, kwa a Shafi'i, a Maliki ndi a Hanbali nsembeyi ndi Sunnah yotsindikizidwa (yolimbikitsidwa kwambiri koma yosakakamizidwa), kwa a Hanafi ndi yokakamizidwa kwa amene ali ndi chuma chokwanira ndipo sali pa ulendo. Palibe amene amati wosauka akongole kuti anthu asamuseke. Zinanenedwanso za Abu Bakr ndi Umar kuti nthawi zina sankazinga poopa kuti anthu angayese kuti ndi lamulo kwa aliyense. Ndiye ngati m'bale wanu ali gone kuchipatala ndipo ndalama yanu ndi yokhayo, kapulumutseni moyo, nkhosa idzazingidwa chaka china.

Wofunsitsa:
Apa ndamva pang'ono. Koma kunena kuti kukhetsa magazi ndi mapemphero, kwa ine zikumvekabe ngati zipembedzo zakale zomwe zinkadyetsa milungu yawo.

Mwalimu:
Ndime yomwe achemwali anayamba nayo ija inabwera kudzathetsa zimenezo. M'mabuku a tafsir (otanthauzira Qur'an) muli nkhani yoti Aarabu a nthawi ya umbuli ankati akazinga, ankawaza magazi ku Ka'bah, nyumba yopatulika ya ku Makkah, ndi kuika nyama pa miyala ya mafano awo. Qur'an sinathetse kuzinga, koma inachotsa ganizo loti Mulungu amadya kapena amasangalatsidwa ndi magazi. Nyama yonse inabwezedwa kwa anthu. Werengani 22:28 ndi 22:36: idyani, ndipo dyetsani wovutika wosauka, dyetsani amene sapempha ndi amene amapempha. Palibe chiwalo chimene chimawotchedwa kapena kukwiriridwa kuti ichi ndi cha Allah. Magazi amangotayika pansi, ndipo kwa ife ndi haramu kuwadya.

Onaninso 5:27, ana awiri a Adam. Onse anapereka nsembe, ya mmodzi inalandiridwa, ya wina inakanidwa. Amene yake inalandiridwa ananena chifukwa chake, kuti Allah amalandira kwa okhawo omuopa.

Mayi a Zainabu:
Ine ndikufuna ndikambe za amene sapemphayo, chifukwa amaiwalika. Tsiku la Eid pa geti pamadzaza anthu ndi majumbo, ndipo amene ali ndi mawu okweza ndi amene amapita ndi nyama yambiri. Koma pali gogo wina amene manyazi sangamulole kuima pa geti pa munthu. Pali bambo amene ntchito inamuthera, akuvalabe malaya osita bwino, kunyumba ana sanalawe nyama miyezi. Ndimeyo yawatchula iwowa poyamba. Kuwapeza kumafuna kuti uziwadziwa anansi ako Eid isanafike, ndipo nyama yawo ipite mwakachetechete, mwana anyamule m'mbale yovindikira.

Bambo a Yusufu:
Zoona mayi. Paja kagawidwe ndi magawo atatu eti? Lina la pakhomo, lina la achibale ndi anzathu, lina la osauka.

Mwalimu:
Ambiri amalimbikitsa choncho ndipo n'zabwino, koma si lamulo loti muchite kuyeza pa sikelo. Pali nkhani imene imaonetsa mtima wa zimenezi. Chaka china ku Madinah kunabwera anthu ochokera kuchipululu atavutika ndi njala, ndipo Mtumiki (SAW) analetsa kusunga nyama ya nsembe kupitirira masiku atatu. Chaka chotsatira Maswahaba (anzake a Mtumiki) anafunsa ngati achitenso chimodzimodzi, iye anati idyani, dyetsani ndi kusunga, chaka chatha ndinaletsa chifukwa anthu anali pa mavuto. Ndiye kuchuluka kwa zimene mungasunge kumatengera njala ya amene akuzungulirani.

Hajji Wamkulu:
Assalamu alaikum ana anga. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndikuwonjezereni za ku Hajj, chifukwa kumeneko funso la a Wofunsitsa limakula. Amene akuchita Umrah (Hajj yaing'ono) ndi Hajj pa ulendo umodzi ayenera kupereka chiweto, ndipo ngati alibe, 2:196 ikuti asale kudya masiku atatu ali komweko ndi asanu ndi awiri akabwerera kwawo. Koma masiku ano ambiri sachiona n'komwe chiwetocho. Umalipira, amakupatsa kapepala, ndipo nkhosa yako imazingidwa kumalo ozingirako pafupi ndi Mina, kunja kwa Makkah, iwe uli kwina ukuchita mwambo wogenda miyala. Kale nyama yambiri inkangowonongeka ndi dzuwa chifukwa sakanatha kuidya yonse. Mu 1983 Islamic Development Bank inayamba kuyendetsa ntchito yoti nyamayo iziumitsidwa m'mafiriji n'kugawidwa kwa osauka ku Makkah komanso kumaiko ena. Zimenezo n'zabwino kwambiri. Koma ndinene zoona, nditagwira kapepalako mtima wanga sunamve zimene umamva ndikagwira ndekha khosi la nkhosa.

Wofunsitsa:
Ndi zimene ndikunenazo a Hajji! Ngati kapepala kakukwanira, kusiyana kwake ndi sadaka ya ndalama kuli pati?

Mwalimu:
Kusiyana kulipo, chiweto chazingidwadi m'dzina la Allah, pa nthawi yake, ndi niya (cholinga) ya mwini wake. Kutuma munthu n'kololedwa. Pa Hajj yotsanzika, m'chaka cha 632, Mtumiki (SAW) anali ndi ngamira 100, anazinga 63 ndi dzanja lake, zotsalazo anamupatsa msuweni wake Ali kuti azinge. Koma a Hajji akunena chinthu chenicheni. Anas, mmodzi wa Maswahaba, anafotokoza kuti anaona Mtumiki akuzinga nkhosa ziwiri zamphongo zanyanga, ndi dzanja lake, akunena Bismillah ndi Allahu Akbar, phazi lake ataliika pambali pa khosi. Munthu amene anali ndi anthu ambirimbiri oti angawatume anagwira yekha mpeni. Amene sangathe kuzinga, ndi bwino aimepo aone.

Hajji Wamkulu:
Eya, chifukwa ukaimapo umaphunzira zimene sungaziwerenge. Umaimwetsa madzi kaye. Mpeni umanolera kuseri, osati pamaso pake, ndipo inzake uichotse isaone. Umaigoneka pang'onopang'ono ku mbali ya kumanzere, kuyang'anitsa ku Qibla, mbali imene timayang'ana popemphera. Dzanja lako lili pakhosi, ukumva kutentha kwake ndi mtsempha ukugunda. Pamenepo Bismillah satuluka mkamwa mwachisawawa, umadziwa kuti moyo uwu sunaulenge ndiwe, ukuutenga ndi chilolezo cha mwini wake. Umadula kamodzi mwachangu, kholingo, njira ya chakudya ndi mitsempha ya m'mbali, ndiye umadikira mpaka itazizira usanayambe kusenda. Anyamata ena amathamangira kusenda miyendo ikadagwedezeka, ine ndimawakalipira.

Mwalimu:
Mumachita bwino a Hajji. Hadith (mawu a Mtumiki) ya Shaddad ibn Aws yomwe ili m'buku la Sahih Muslim ikuti Allah analamula kuchita bwino pa chilichonse, ndipo mukamazinga zingani bwino, anole mpeni wake ndipo achipumitse chiwetocho. Wozunza chiweto pa tsiku la nsembe wasemphana ndi nsembeyo.

Mlongo Watsopano:
Nanga chiweto chilichonse chimaloledwa? Nkhuku bwanji, poti ena sitingakwanitse nkhosa?

Bambo a Yusufu:
Nkhuku ayi achemwali, idyani ngati ndiwo za Eid koma si Qurbani. Ndi nkhosa, mbuzi, ng'ombe kapena ngamira. Mbuzi ikhale ya chaka, ng'ombe zaka 2, ngamira zaka 5, nkhosa ikakwana miyezi 6 ndipo ikuoneka yokhwima imaloledwa. Ng'ombe kapena ngamira mungathe kusonkherana anthu mpaka 7. Komanso isakhale ya diso limodzi, yodwala moonekera, yotsimphina moonekera kapena yowondetsetsa.

Mayi a Zainabu:
Za zilemazi ndi pamene mtima wa munthu umaonekera. Wina amalowa m'khola n'kusankha mbuzi imene akuona kuti mwezi uno siutha, akuti bola ipite ku Qurbani isanafe yokha. Mlendo wolemekezeka akabwera sungamuphere yodwala, nanga Allah?

Mwalimu:
Ndi zimene ikunena 3:92, kuti simudzaupeza ubwino mpaka mutapereka mwa zimene mumazikonda. Nthawinso ndi mbali ya kugonjerako. Amalume ake a Al-Bara ibn Azib, Abu Burda, anazinga Swala ya Eid isanachitike pofuna kuti anansi adye msanga. Cholinga chinali chabwino, koma Mtumiki (SAW) anamuuza kuti nkhosa yakeyo ndi ya nyama chabe, azingenso. Ndiye a Wofunsitsa onani, kukanakhala kuti nkhani ndi kudyetsa anthu kokha, ya Abu Burda ikanawerengedwa, chifukwa anthu anadya ndithu. Nthawi imayamba Swala ikatha pa 10 Dhul Hijjah. A Hanafi amati imatha dzuwa likalowa pa 12, a Shafi'i pa 13.

Wofunsitsa:
Ya Abu Burda yandikhudza kuposa zonse zimene zanenedwa. Komabe pali china chimene chimandinyansa. Zithunzi. Munthu waima pafupi ndi ng'ombe, wajambulitsa, waika pa Facebook ndi mtengo wake womwe. Ena mpaka kupikisana kuti yanga ndi yaikulu. Kodi pamenepo kumuopa Allah kuli pati?

Mayi a Zainabu:
Apa ndiye tagwirizana achimwene. Choipitsitsa ndi kujambula osauka akulandira nyama, nkhope zawo n'kumazungulira pa WhatsApp. Munthu wam'patsa nyama n'kumulanda ulemu.

Mwalimu:
Matenda amenewo si a lero. Abu Ayyub Al-Ansari anafunsidwa mmene nsembe inkachitikira nthawi ya Mtumiki, anati munthu ankazinga nkhosa imodzi ya iye ndi banja lake lonse, amadya ndi kudyetsa ena, mpaka anthu anayamba kudzitama zinafika mmene mukuoneramu. Ameneyo ndi Swahaba akudandaula za anthu a nthawi yake. Sindinganene kuti aliyense wojambula ndi wodzionetsera, za mumtima amadziwa ndi Allah. Koma aliyense adzifunse: kukanakhala kuti palibe adzadziwe, ndikanagulabe yaikulu chonchi?

Bambo a Yusufu:
A Mwalimu, nanga zija timamva pa ulaliki zoti ubweya uliwonse wa nkhosa ndi sawabu (malipiro kwa Allah), komanso dontho loyamba la magazi likagwa machimo akhululukidwa? Sizikutsutsana ndi zimene munanena poyamba?

Mwalimu:
Ma hadith amenewo alipo m'mabuku ena, koma akatswiri ambiri a hadith anawaona kuti ndi ofooka, ndiye ine sindimangirapo chikhulupiriro. Kuti nsembe ili ndi malipiro palibe akutsutsa, ntchito iliyonse yabwino yochitidwa chifukwa cha Allah imafafaniza zoipa monga ikunenera 11:114. Koma chimagwira ntchito ndi kumvera kwa munthuyo, magaziwo alibe mphamvu mwa iwo okha. Ndipo pano ndichenjeze: kuzinga chifukwa cha wina osati Allah, kaya ndi manda a munthu woyera, ziwanda kapena kuti nyumba yatsopano itetezedwe, ndi kumuphatikiza Allah ndi zina. Ali anafotokoza hadith mu Sahih Muslim yotemberera wochita zimenezo, ndipo 5:3 ikuletsa ngakhale kudya nyama yake.

Hajji Wamkulu:
Kwa amene akudandaula kuti chaka chino sakwanitsa, kumbukirani kuti mu 2025 mfumu ya Morocco, Mohammed VI, inapempha dziko lonse kuti lisazinge chifukwa chilala cha zaka zingapo chinachepetsa ziweto ndipo mitengo inakwera kwambiri. Anthu anapemphera Swala ya Eid monga mwa masiku onse. Allah sakakamiza munthu zimene sangathe.

Admin:
Ndachotsa uthenga wa amene anaika malonda a mbuzi ndi nambala ya foni. Gulu lino si msika, chonde.

Mlongo Watsopano:
Zikomo nonse. Ndasonkherana ng'ombe ndi anzanga, ndine mmodzi wa asanu ndi awiriwo. Mafunso awiri omaliza. Wina wandiuza kuti ndisamete tsitsi kapena kuwenga zikhadabo, n'zoona? Ndipo makolo anga si Asilamu, ndingawapatseko nyama?

Mwalimu:
Za tsitsi ndi zikhadabo zikuchokera mu hadith ya Umm Salama, mkazi wa Mtumiki: mwezi wa Dhul Hijjah ukaoneka, amene akufuna kupereka nsembe asachotse tsitsi kapena zikhadabo mpaka atazinga. A Hanbali amati ndi lamulo, a Shafi'i amati kuchotsa n'konyansidwa chabe, koma onse amagwirizana kuti mukaiwala n'kuwenga, nsembe yanu siwonongeka. Makolo anu apatseni, ma ulama ambiri amalola kupatsa mnansi kapena m'bale amene si Msilamu, ndiye kholo ndiye koposa.

Mayi a Zainabu:
Ndipo mugwirizane ndi anzanuwo za wosenda nyama zinthu zisanayambe, pamakhala mikangano pamenepo.

Mwalimu:
Zoona. Wosenda ndi woduladula mumulipire ndi ndalama ya m'thumba, osati ndi chikopa, mutu kapena mwendo wa ng'ombeyo. Mtumiki (SAW) anamulamula Ali kuti agawe nyama ndi zikopa zomwe, ndipo wozinga asapatsidweko kanthu ngati malipiro. Mukamulipira, ndiye mungamupatseko nyama ngati mphatso. Chikopa musachigulitse kuti ndalama ilowe m'thumba mwanu, chigwiritseni ntchito kapena chiperekeni sadaka.

Bambo a Yusufu:
A Mwalimu, nanga mmodzi mwa asanu ndi awiriwo akafuna kuti gawo lake likhale la Aqiqah, nsembe yothokoza kubadwa kwa mwana wake, zimatheka?

Mwalimu:
Pamenepo ma ulama anasiyana, a Hanafi ndi a Shafi'i amalola, a Hanbali amati Aqiqah ikhale ndi chiweto chathunthu chakechake. Tsegulani mutu wina tikambirane bwino, nthawi ya Maghrib yakwana kuno.